Tsiku Limene Chiimire Anakhala Pansi

Wometa uja wa pafupi ndi siteji ya basi anthu ankamutcha Chiimire, chifukwa zaka makumi awiri palibe anamuonapo atakhala. Kudya chiimire, kukangana za mpira chiimire. Ndiye pakamwa pakepo, iii! Akaona mnzake wosoka nsapato ali khuma pa kampando kake kakafupi, ankamugemula: "Achimwene, matakowo adzameratu mizu."

Basi mwadzidzidzi miyendo inayamba kutuluka timadontho tofiira, mapazi kuchita dzanzi ngati akuponda thonje. Mkazi wake ati tiyeni kuchipatala, iye ati ndi nsikidzi. Nsikidzi zakuti zimenezo? Anachita kumunyamula atagwa m'shopu, makina ometera akulira m'manja, dalaivala wina wa basi atametedwa mbali imodzi.

Anamupopa magazi, anamucheka kachikopa ka pamwendo, kenako dikirani masabata atatu. Adokotala, kamayi ka magalasi, anatchula dzina lopinda lilime, ati vasikulaitisi.

"Bambo, asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka mutu. M'malo molimbana ndi matenda, akumenya mitsempha yanu yomwe ya magazi. Ndi matenda osowa kwambiri. Ine chiyambireni ntchito, ndinu wachiwiri."

"Wachiwiri? Wandipitirirayo ndani?"

Adokotala anaseka. "Sapatsirana, ndipo mankhwala owagonetsa alipo, bola osadumphitsa. Koma zoima tsiku lonsezo, iwalani."

Apo ndiye Chiimire anafota. Wometa wosaima ameta bwanji? Shopu inakhala chitsekere, loko mpaka kuchita dzimbiri, iye ali gone pa sofa kuwerenga malata. Mapiritsi aja anamupatsa njala ya fisi, nkhope inafufuma ngati mwezi. Oyandikana nawo, anthu osadziwa kutseka pakamwa, ati: "Koma ndiye mwanenepa! Mayi akukusamalanitu."

"Akundisamala ndi mapiritsi asanu ndi limodzi," iye amatero, osaseka.

M'mawa wina wosoka nsapato uja anatulukira, kampando kali kukhwapa.

"Dzukani, tikatsegule."

"Ndikamete ndi chiyani, achimwene? Miyendo yake iti?"

"Kodi mumameta ndi miyendo? Alamu, apatseni makiyi awa."

Mkaziyo sanadikire kawiri. Anamuveka jekete, nanena kuti wachifuwa aliyense azibwezedwa pakhomo, poti mankhwalawo amafooketsa chitetezo.

Atatsegula, wosoka nsapato anamukankhira Chiimire pa mpando waukulu wozungulira uja, wa makasitomala, kampando kake n'kukaika kutsogolo. Asanapukute n'komwe fumbi, uyu dalaivala, chimunthu cha mimba, chipewa chili pha m'mutu. Anachivula. Mbali ina thengo, mbali ina msipu wongophuka.

"Masabata asanu ndi awiri ndikugona ndi chipewa! Mutu wangawu saugwira wina. Malizani ntchito yanu."

"Khalani apo, bwana."

Dalaivala anayang'ana kampandoko, anayang'ana mimba yake. Anatsika pang'onopang'ono, kampando kakulira, mpaka maondo anafika m'makutu.

Chiimire anatola makina ake. Makinawo atangoti wiii, mutu uli pomwepo pamaondo pake, anapeza kuti pa liwombo akuonapo bwino kuposa kale. Akafuna mbali ina, amangozunguza mpando ndi chidendene.

"Pagalasipa ndikungoona nkhope yanu," anadandaula dalaivala.

"Ndiye yokongola muno. Mwaiona kunona kwake?"

Anthu anadzaza pakhomo kudzaona Chiimire atakhala. Wina ati mutu wangawunso wakula, wina ati ndine wotsatira. Galasi analitsitsa tsiku lomwelo, msomali anakhoma ndi mkazi wake.

Dalaivala atadzuka, mutu uli see, Chiimire anapukuta thukuta, nayang'ana wosoka nsapato amene anali chiimire pakona, poti kampando kanali katalandidwa.

"Imani choncho, achimwene, mizu ija izuke."

"Ine yanga yazuka," anayankha mnzakeyo. "Yanuyo muzithirira."