Tiyi wa rozimeri

Ndinali ndi zaka khumi pamene abambo anagundidwa ndi lole akugulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu ku Biriwiri. Maliro atatha, amayi anangokhala ngati chitsa. Ankateleka nyemba n'kuziiwala mpaka kupserera. Ndikawaitana ankandiyang'ana ngati mlendo. Malume anayamba kunena zoti ine ndi mlongo wanga atigawe, wina ku Kasinje, wina ku Bwanje, poti amayi mutu sunkagwira.

Ine sindinalire. Ndinkangoona zikuchitika ngati za kwa eni.

Amene anandipatsa rozimeri ndi mayi Asiyatu, a golosale ya pamsewu. Chitsambacho chinali kuseri kwa golosale, timasamba tosongoka, fungo lake lokanirira m'manja. Anthu ankati chimathamangitsa afiti. Ena ankati chimameretsa tsitsi, ngakhale amuna awo a mayi Asiyatu anali ndi dazi lonyezimira.

"Uziwaphikira amayi ako mu tiyi," anatero mayi Asiyatu. "Kamabweza nzeru kameneka. Kanthambi kena uike kunsi kwa pilo, maloto oipa asamabwere."

Ndinkachita zomwezo m'mawa uliwonse. Shuga kunalibe, tiyiyo ankawawa, koma amayi ankamwa yense osatsinya nkhope. Nyemba zinkapsererabe. Ine n'kumawonjezera masamba mpaka madzi kuda bii.

Tsiku loti mawa lake malume adzatitenga, ndinawapatsa kapu n'kunena kuti, "Imwani amayi, mukumbukire. Apo ayi atitenga."

Anandiyang'ana. "Iwe ukuyesa ndaiwala? Palibe chimene ndaiwala, mwanangu. Ngakhale malaya amene bambo ako anavala tsikulo ndikuwaona pano. Ukanandipezera mankhwala oiwalitsa, bwenzi zili bwinoko."

Anamwa tiyiyo mpaka kutha, n'kunyamula khasu. Malume atafika m'mawa anawapeza kudimba akupalira kabichi, ndipo anabwerera okha.

Sindinganame kuti anachira tsiku limenelo. Kuseka anadzayamba patapita zaka, ndipo ineyo mpaka lero pamaliro misozi imandivuta. Rozimeri ndili naye m'chitini pakhonde, ndipo anthu akandifunsa ngati amathandiza ndimangoti kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi yonseyo ndinkamwetsa mankhwala okumbutsa kwa munthu amene matenda ake anali kukumbukira komweko. Iwo ankadziwa, koma ankamwabe, chifukwa wowapatsa kapuyo ndinali ine.