Bulugama wa pa kasupe wa bambo

Ndinataya mkazi wanga Esinati, mimba imene anali nayo, ndi kasupe amene tonse awiri tinakula tikumwa. Kasupeyo ndiye anayamba kupita.

Anali m'munda mwa bambo, kumtunda kwa mudzi wathu ku Thambani, pomwe kamtsinje kathu kamayambira. Madzi ankatuluka pansi pa mwala, ozizira mpaka kuwawitsa mano, akununkhira mizu. Ndili sitandade folo, phiri linali litayera chifukwa cha makala, ndipo mvula ikagwa matope onse ankathera m'kasupemo. Anthu ena m'mudzi anadzipereka kupanga gulu losamalira mtsinje, lopanda malipiro. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha eni minda kuti aleke kulima m'mphepete mwa madzi.

Bambo anayamba akana, chifukwa ndime imeneyo inkabereka chimanga ngakhale chaka cha ng'amba. Amene anawafewetsa ndi mayi ake a Esinati, omwe ankatsogolera gululo. "Achimwene," anatero, "chimangacho mudzaphikira chiyani, malovu?" Bambo anaseka, napereka ndime yonse.

Mbande zimene zinapezeka zinali za bulugama, ndipo aliyense anakondwa: mitengoyi imakula msanga, mbuzi siziikonda, mawa mudzadulapo mapolo. Tinabzala mvula ikuwaza, dothi lofiira likumata m'zala, masamba akununkha ngati mankhwala a chimfine. Mwana aliyense anapatsidwa mtengo wake woti azithirira m'chilimwe ndi kuutchingira ndi minga. Wanga unayandikana ndi wa Esinati, kamtsikana kosachedwa kulankhula. Ankaima n'kuuyang'ana, amvekere, "Iwe, wakowu ukudwala ngati mwini wake." Ndinkatunga mpaka mapewa kuwawa kuti ndimupose. Sindinamupose.

Mitengoyo inakula bwino, mpaka a midzi ina ankabwera kudzaonera. Panalibe amene ankadziwa kuti mitengo imeneyi imamwa madzi osakhuta, ndipo ife tinaibzala pakamwa penipeni pa kasupe. Pamene ndinkapita ku koleji, madzi ankangodontha. Pamene tinkakwatirana, pansi pa mwala paja panali masamba ouma okhaokha. Amayi a m'mudzi anayamba kukumba maenje mumchenga wa mtsinje, kumunsi komwe ziweto zimamwera.

Chaka cha kolera, mjigo wathu unali utafa. Esinati anakatunga kumchengako.

Gulu lija lilipobe, ambiri ndi ana a omwe aja. Tsopano akudula bulugama, kuzula zitsa, kubzala mikuyu ndi katope. Bambo anamwalira, munda ndi wanga, ndipo atabwera kudzapempha chilolezo ndinavomera asanamalize kulankhula. Akuti mwina madzi adzabwerera. Apongozi anga, ngakhale akalamba, amabwerabe ndi khasu lawo. Timagwira ntchito moyandikana, timapatsana moni, za mbande zija sititchula. Sindiwaimba mlandu. Mtengo umodzi ndinathirira ndine.

Tsiku limene Esinati anadwala kolera ndinamunyamula pa njinga kupita kuchipatala, mchimwene wake akumugwirizira kumbuyo. Mwana wathu Tadala, yemwe anali atangoyamba kuyenda, tinamusiya ndi mlongo wanga. Titafika pakhomo pa chipatala Esinati anandigwira malaya, milomo itauma, mawu akumveka ngati akuchokera patali.

"A bambo a Tadala, bwererani. Madzi ali mu ndowa mukataye, mwana asamwe."