Tochi ya m'botolo la maswiti pa damu la ku Mwase

Basi ya ku Lundazi inanyamuka pa Chipata kusanache, ine nditakhala kumbuyo kwenikweni pamwamba pa thumba la mchere la munthu wina. Uthenga unali utandipeza dzulo lake ku galaja kumene ndinkagwira ntchito. Alamu anga a Nyirenda, amuna a mlongo wanga Enelesi, anali atagwera m'damu la ng'ombe ku Mwase pamodzi ndi njinga yawo, ndipo madzi anali atakana kuwabweza. Wobweretsa uthengayo anati akuluakulu atopa kudikira. Thupi likapanda kupezeka pofika mkuja wake m'mawa, aika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa munthu, monga timachitira wina akasowa. Enelesi yekha ndiye ankakana, nati akaitane achimwene ake aja anakhalapo ku Kariba.

Ku Kariba ndinakhalakodi, ndipo ndinkamira kukamasula maukonde a kapenta akakodwa. Koma kumeneko kunali kumira kwa masana, m'madzi oti umaona zala zako. Damu la ku Mwase ndinkalidziwa bwino. Masana ng'ombe zimalivundula mpaka kukhala ngati phala, ndipo matope amadikha dzuwa likalowa. Ntchitoyo inali ya usiku, ndipo ine usiku ndinali ndisanamirepo chibadwire. M'chikwama ndinali ndi magalasi osambirira, mpeni ndi chingwe, koma nyali ndinalibe.

Tikiti inali makwacha asanu, fumbi linali laulere. Njira yonse ndinkangoganiza za alamuwo ndi njinga yawo. Ankaikonda mochititsa manyazi. Lamlungu lililonse, asanapite kutchalitchi, ankaipukuta ndi malovu mpaka kagalasi kofiira ka kumbuyo kaja, ndipo ife tinkamuseka Enelesi kuti anakwatiwa pa mitala.

Tisanafike pa Lumezi asilikali anatiimitsa. Masiku amenewo munthu sunkayenda popanda chitupa ndi khadi la chipani, choncho tonse tinatsika mapepala ali m'manja. Msilikali wina anapisa m'chikwama changa, natulutsa magalasi aja, nawavala.

“Ivi ni vichani, mudala? Ndimwe kazitape?”

Ndinamuuza kuti ndikukavuula mlamu wanga amene wamira. Anawavula msangamsanga, nandiponyera, napukuta manja pa buluku. Nditakweranso basi, mayi amene tinkapanikizana naye anasendera kutali, ndipo ndinakhala motakasuka mpaka kufika. Chinangwa chootcha chimene ndinagula pa Lumezi ndinadya ndekha, palibe anafuna kulandirako.

Pa boma la Lundazi tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinayamba ndi sitolo ya boma, kumene mashelefu anali ndi mapaketi a tiyi okhaokha atawandandalika motalikirana kuti aoneke ambiri. Wogulitsa anandiseka nditafunsa za mabatire. M'sitolo ina munali tochi yaikulu yokutidwa ndi mphira, imene mwini wake analumbira kuti siilowa madzi, koma mtengo wake unali malipiro anga a theka la mwezi, ndipo mabatire ake analibe. Ndinaigwiragwira, ndi kuibweza.

Safunsa anadya phula. Ndinafunsa wokonza njinga, iye nandilozera kumsika, kwa mayi wina wa ku Kasungu amene ankagulitsa nyemba. Nyembazo zinali zongophimbira. Pansi pa chitenje panali sopo, shuga ndi mabatire, zoolotsa malire m'tinjira ta kutchire. Dzina lawo anati ndi a Nabanda. Ndisanafike kwa iwo, mnzawo wa pafupi anali atandinong'oneza kale kuti mabatire ake ndi otchipa, ndipo ndinali nawo m'manja.

A Nabanda anawatenga, nawatembenuza, nandionetsa zipsera za mano m'mbali mwake. Anati amenewo ndi otha kale, anthu amawaluma ndi kuwayanika padzuwa kuti ayake pang'ono pamaso pa wogula. Anandifunsa kuti tochi ndikufunira chiyani, ndipo nditawauza anayamba kugwira ntchito ngati ndi maliro a kwawo.

Tochi yachitsulo yaitali anaikana, nasankha yaifupi ya pulasitiki, ya mabatire awiri, yotchipa kuposa zonse. Anatuma mnzawo kukapempha botolo lagalasi la maswiti, la kukamwa kwakukulu, loti tochiyo ikhale m'kati mwake. Tinadula chubu chakale cha njinga kuti chikhale m'kati mwa chivundikiro, china chomangira kunja. Titaliika m'ndowa ya madzi, botololo linangoyandama monyada. A Nabanda anathiramo mchenga, nalimiza, ndipo tonse tinaweramira m'ndowa kuyang'ana ngati lituluke thovu. Silinatuluke. Anandipatsanso kandulo yoti ndikadonthezere m'mphepete mwa chivundikiro, nandichenjeza kuti ndikatseka sindingathenso kuzimitsa, ndiye ndiyatse pokhapokha mapazi ali kale m'madzi. Zonse pamodzi sizinapitirire mtengo wa tikiti ya basi.

Ndikutsanzika anandigwira mkono.

“Abambo, mukakawapeza musakangowagwira. Muyambe mwawapatsa moni, muwauze kuti mukuwatengera kunyumba. Munthu sadzidzimutsidwa.”

Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinaseka kuti pansi pa madzi munthu ungalankhule bwanji.

Kupita ku Mwase ndinakwera lole yobwerera yopanda katundu itatsitsa fodya. Ndinakhala kumbuyo nditafungatira botolo langa ngati khanda, lole ikudumpha m'maenje. Dzuwa linali litapendeka pamene ndinatsika ndi kuyamba wapansi. Minda ya mtedza inali zii, popanda munthu. Nyimbo za maliro ndinazimva ndili patali, zotopa, za anthu amene aimba masiku ambiri popanda woti amuimbire.

Anandilandira a Yotamu, akulu awo a malemu, ndi “Monire, alamu,” maso ali pansi. Pakhonde la nyumba panali chinthu chachitali ngati munthu, chokulungidwa m'nsalu yoyera, atachigoneka pamphasa. Ndinali nditavula kale chipewa ndisanazindikire kuti ndi thunthu la nthochi lija. A Yotamu sanali munthu wouma mtima. Anandifotokozera kuti anyamata afufuza ndi nsungwi mpaka manja matuza, chakudya cha anamfedwa chatha, fodya wa anthu akuwonongeka m'zigafa, ndipo mudzi sungakhale pamaliro mpaka kalekale. Enelesi anali m'nyumba pakati pa amayi. Anangondiyang'ana, nayang'ana botolo.

Mdima utagwa tinapita ku damu, ine, a Yotamu ndi amuna angapo onyamula miyuni. Anandionetsa pakhoma la damu pamene matayala anatererekera. Madzi anali atadikhadi, akuda bii, ndipo achule amene ankalira tikubwera analeka onse pamodzi. Ndinamanga chingwe m'chiuno, a Yotamu nagwira nsonga yake. Ndinayatsa tochi, kutseka, kudonthezera kandulo, ndi kulowa. Ndinali ndi mantha, sindibisa.

Kuwala kwake kunali kwachikasu, kongofika pamene pafika mkono. Pansipo panali mitengo imene madzi anaimiza pomanga damu, ili chiimire, yopanda makungwa, nthambi zake zikutulukira mwadzidzidzi pamaso panga. Mlamba waukulu unabwera kudzanunkhiza botolo, nubwerera mosafulumira. Ndinkamira, kufufuza, kukwera kukapuma, ndi kumiranso. Nthawi iliyonse ndikavuuka nkhope za amuna aja zinkandifunsa, ine ndi kupukusa mutu. Ndinayamba kuzizidwa, ndipo tochi inayamba kufiirira.

Ndiye ndinaliona diso. Linali chakumunsi kwanga, pakati pa nthambi, lofiira ngati khala la moto, likundiyang'ana. Aliyense amene anakhalapo ku Kariba amadziwa chimene chimawala chotero ukachiunika. Sindikumbukira mmene ndinafikira pamwamba. Ndinakakamira miyala ya khoma, ndi kuuza a Yotamu kuti pansipa pali ng'ona. Iwo anati chimangireni damuli ng'ona sinaonekemo, koma anayamba kukoka chingwe kuti ndituluke, nati basi, tayesetsa, munthu wachiwiri asatayike.

“Achimwene, maso awiri kapena limodzi?”

Anali Enelesi. Anali atathawa m'nyumba ya maliro, chinthu chimene namfedwa sachita, naima kumbuyo kwa miyuni chitenje chili kumutu. Ndinaganiza kaye, ndi kumuyankha kuti limodzi.

“Linaphethira?”

“Ayi.”

“Ndiye ndi njinga imeneyo. Pitaninso.”

Ndinakoka mpweya, ndi kumira molunjika disolo. Linali kagalasi kaja. Njinga inali itapanikizika pamphanda ya mtengo, tayala lakumbuyo lili m'mwamba. Ndinatsata ndi dzanja mpaka pa tcheni, ndipo pamenepo ndinakhudza nsalu. Mwendo wa buluku unali utalumidwa pakati pa tcheni ndi mano ake. Ndinakweza botolo pang'onopang'ono.

Alamu anali chiimire pamwamba pa njinga yawo, manja ali m'mwamba, malaya akuyendayenda ndi madzi, mutu utaweramira kwa ine. Madzi ankafuna kuwakweza, buluku n'kumawagwira. Dzanja langa la mpeni linauma. Sindinathe kuwakhudza, ngakhale kuthawa, ndipo mpweya unkandithera. Apo m'pamene mawu a a Nabanda anandibwerera. Ndinatsegula pakamwa, ndi kunena kuti, “Monire, alamu. Tiyeni kunyumba.” Chimene chinatuluka ndi thovu lokha, koma dzanja linamasuka. Ndinadula nsaluyo.

Sanafune kukokedwa. Ananyamuka okha pang'onopang'ono, phazi lawo n'kundikhudza paphewa podutsa. Tochi inazima ndisanawatsatire, ndipo ndinakwera mumdima, osadziwa ngati ali pamwamba panga kapena pambali. Ndinamva kulira kwa kumtunda mutu wanga usanatuluke bwino m'madzi.

Tinawaika m'mawa mwake. Nsalu yoyera ija anaivula pa thunthu n'kukulungira mwini wake, ndipo a Yotamu ananyamula thunthulo okha kukaponyera nkhumba. Njinga anyamata anaivuula masana poikoka ndi chingwe changa.

Madzulo ndisanabwerere, Enelesi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nandifunsa kuti ndinawapeza ali bwanji. Ndinamuuza zoona, kuti anali chiimire pamwamba pa njinga. Anaseka pang'ono misozi ili mbwembwembwe, nati ankadziwa kuti sangamusiye yekha mkazi wamng'onoyo. Kenaka anapempha botolo lija, ndipo ndinamupatsa ndi mchenga wake womwe.

Pobwerera ndinakwera lole yomwe ija, manja ali opanda kanthu, ndikuganiza za tochi yamphira ya m'sitolo. Mwina ikanaunika damu lonse, sindikudziwa. Yanga yotchipayo inkangofika pamene pafika mkono, ndipo ikanakhala yokha ndikanabwerera chimanjamanja. Mbali yotsalayo anaunika ndi alamu eni ake, ndi malovu awo a Lamlungu lililonse amene ife tinkawaseka nawo.