Mango Amene Aphunzitsi Anadya

Inu amene munalepherapo anzanu akukhoza, khalani pansi ndikuuzeni za mtsikana wina amene anthu ankamutcha Anjere.

Tsiku limene anzake ankavala mikanjo ya omaliza maphunziro, iye anali kunyumba akulira. Kafukufuku wake anali atakanidwa. Mkulu wake, telala amene anamulera makolo awo atamwalira, anaimitsa makina n'kumuyang'ana.

"Walira mokwanira. Dzuka, undithandize kupinda nsaluzi, mawa ubwerere kusukuluko."

Anabwereradi, nkhope ili pansi. Mphunzitsi wamkulu, bambo wosaseka wamba, anamupatsa mwayi womaliza. Akalepheranso, achoka wopanda digiri.

Nzeru yake inali yakuti mkati mwa njere ya mango muli ufa, ndipo ufawo ukaphikidwa bwino ukhoza kupakidwa pa zipatso kuti zisaole msanga. Ndiye ankatola njere zimene anthu ataya kumsika. Dzina lija linachokera pamenepo. Anzake a kusukulu akamuona ndi thumba lake ankagwira mphuno.

"Anjere, lero mwakolola bwanji kudzala?"

Zinkamuwawa, tisanamizane. Phala loyamba linauma n'kusweka ngati matope a m'chilimwe. Lachiwiri linawawitsa mango. Lachitatu linachita nkhungu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye ankangosintha muyeso n'kuyambiranso.

Pomaliza anagula mango okhwima mofanana, n'kuwagawa pawiri. Ena anawapaka phala lija, ena anawasiya osapaka kuti adzayerekezere. Pa khoko lililonse analembapo tsiku ndi inki, m'zilembo zing'onozing'ono, pafupi ndi phesi. Poti m'chipinda chofufuzira anali atamulanda shelefu, anawasunga m'kabati ya m'chipinda chomwera tiyi. Masabata anapita. Osapaka aja anada n'kuyamba kuchucha, opakawo anangokhala nganganga.

Litatsala tsiku limodzi kuti akaonekere kwa omuyesa, anatulutsa thireyi ya mango opaka kuti awajambule, n'kuisiya patebulo, n'kuthamangira kukabwereka kamera. Mwini kamerayo anamuchedwetsa. Pobwera anapeza thireyi ili mbee!

Umboni wake wonse unali utapita, kwangotsala oola aja m'kabati. Anakhala pampando manja ali m'khosi, akuganiza za mkulu wake ndi msana umene unapindikira pa makina chifukwa cha iye.

Chitseko chinatseguka. Analowa mphunzitsi wamkulu akutokosa m'mano.

"Iwe, ndani anatibweretsera mango aja? Tawagawana aphunzitsi tonse. Akuoneka ngati angothyoledwa m'mawa uno."

Anjere anaimirira. Anapita pa bini, n'kutolamo khoko limodzi, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Bamboyo anakankhira magalasi m'mwamba, n'kuwerenga tsiku lija. Kenako mtsikanayo anatsegula kabati. Fungo la mango oola linawalonjera.

"Awa ndi amene mwadyawo ndinagula tsiku limodzi, aphunzitsi."

Bamboyo anayang'ana khoko, anayang'ana kabati. Kenako anaphulika kuseka mpaka misozi, munthu amene palibe anali atamuonapo mano.

"Ndiye kuti ndadya kafukufuku wako! Mwanawe, ndikhululukire." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa bango limodzi lonyezimira. "Ili ndinabisira mayi akunyumba. Aona okha chochita. Mawa lipita kwa oyesa, ndipo ine ndi onse amene anyambita zala muno tikakhala mboni."

Mtima wa Anjere unakhala m'malo. Anaseka uku akulira, mphuno ikuchucha, osasamala n'komwe kuti ndani akumuona.

Mawa lake oyesa analidula bangolo, analinunkhiza, analilawa, n'kumufunsa mafunso ambirimbiri. Anayankha onse, pakuti miyezi yolephera ija inali itamuphunzitsa zambiri. Anakhoza. Amene anasoka mkanjo wake anali mkulu wake yemwe uja, ndipo pousoka ankaimba.

Lero Anjere akuyesa phala lomwelo pa mapeyala ndi tomato, pothandizana ndi amayi ogulitsa kumsika. Shelefu anamubwezera, koma kabati yake amaikiya.

Mwina nanunso mukutola zimene ena ataya, anthu akukugwirirani mphuno. Mwina mwayesa kambiri, zonse zikungoola. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Osataya mtima, abale anga. Amene akukusekani lero, tsiku lina adzanyambita zala.