Mabatire a Bakha

Apongozi anga aamuna amatayipa makalata m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yathu. Anthu anawatcha Azimitsani, chifukwa sangaone nyale ikuyaka osafunsa kuti ikuyakiranji. Ali ndi kompyuta yakale ndi mausi yopanda chingwe, ija imadya timabatire tiwiri. Akamaliza kalata, mausiyo amaigoneka chagada n'kuzimitsa kabatani kapansi, ngakhale kasitomala wina atakhala kale pampando. Batire likafooka amaliyanika padzuwa, mwinanso kuliluma pang'ono, ati lidzuke.

Mwana wanga ali ndi chidole cha bakha woimba. Popanda bakhayu sagona masana, ndipo iye akapanda kugona ine sindichapa, sindiphika, ndimangozungulira naye kumsana. Tsiku lina bakha anayamba kuimba ngati woledzera, kenako zii. Ndinagula mabatire abwino. Patangopita masiku awiri, bakha anayambanso kubuula.

Nditamutsegula pamimba ndinapeza mabatire achilendo, limodzi lili ndi zipsera za mano. Manowo ndinawadziwa. Ali ndi mpata pakati.

Nanga apongozi n'kuwafunsa? Ine ndikangowaona mawu amandithawa. Ndinauza bambo a mwana, iwo anangoseka. "Iwe, mdala ameneyu anachotsapo batire mu wotchi ya amayi, tonse tinachedwa ku ukwati."

Basi ndinagulanso awiri abwino n'kuwabisa m'thumba la matewera, momwe dzanja lawo silingafike. Kenako ndinasankha awiri otsala pang'ono kufa koma osalumidwa, ndinawapukuta mpaka kunyezimira, n'kuwaika mwa bakha.

M'mawa ndikusambitsa mwana ndinamva mapazi onyang'ama kuchipinda. Apongozi atangotuluka ndi mabatire onyezimira aja, ndinaika abwino aja mwa bakha.

Cha m'ma teni, mphunzitsi wina akudikira kalata yake, kamuvi ka pakompyuta kanaima. Apongozi anaigwedeza mausi, kuiuzira mpweya, kuigogoda patebulo. Ayi ndithu.

"Madala, khoswe wanuyu wafa ndi njala," anatero mphunzitsi.

"Sizingatheke! Mabatirewa ndi atsopano, ndangowachotsa m'mawa uno mu..." Anatsokomola.

Ine n'kuti nditaima pakhomo ndi tiyi wawo. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana zala za kumapazi. Nthawi yomweyo mwana anafinya bakha kuchipinda, ndipo bakhayo anaimba mawu ake onse, mpaka kumsewu.

"Amake mwana," anatero apongozi motsitsa mawu, "bakha uja ali bwino?"

"Ali bwino, bambo. Kungoti masiku ano pali chimene chikumamuluma."

Mphunzitsi sanatolepo kanthu. Apongozi anamwa tiyi wotentha uja osauzira, kalata anaimaliza ndi mabatire a mu rimoti ya TV.

Mawa lake anabwera ndi mabatire anayi otchaja ndi kachaja kake. Awiri anawasiya patebulo la kukhitchini, ine ndinawatenga. Tsopano mwana amagona, ine ndimachapa. Bakha akayamba kufooka amandiitana okha: "Bweretsani a mnzathu uja tiwadyetse." Koma mabatire akangodzaza amazula chaja pakhoma ngati chikuwotcha nyumba. Dzulo ndinawapeza atamugoneka bakha chagada, magalasi ali pamphuno, akufunafuna kabatani kozimitsira.