Atelala Osanyalanyaza Moni

Atelala oyandikana ndi kantemba kanga, kashopu kokonzera mafoni m'dera la George, sanyalanyaza moni. Amati kusayankha munthu n'chipongwe, ngakhale pa imelo.

Mwezi watha analandira uthenga woyamba ndi "Asalamu aleikumu," wowatchula dzina bwinobwino, wopempha pasiwedi kuti akaunti isatsekedwe. Anayankha mwaulemu n'kuitumiza. M'mawa mwake imelo inakana kutseguka, chonsecho m'menemo ndi momwe munali zithunzi zonse za malemu mwana wawo Nusra.

Atandibweretsera foni yawo, ndinkati ndikonza msanga, koma njira zonse zinakanika.

"Ba tate, pasiwedi sapatsa munthu," ndinatero.

Anayang'anitsitsa foniyo. "Namva. Manje mulembere wakubayo. Umuuze atenge vonse, anibwezereko chabe nkhope ya mwana wanga."