Mfundo Pansonga ya Nsalu

Pansi pa chipatala china, kumene masitepe amathera, kuli chipinda chochapira. Odwala safikako, ndipo madokotala amangomva kunjenjemera kwa makina m'makoma. Kumeneko n'kumene ankagwira ntchito mayi wina amene anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Ameni. Anayamba ntchitoyo tsitsi lili bii, koma pa nthawi ya nkhani ino imvi zinali zitayamba kusuzumira pansi pa mpango.

Dzinalo linabwera chifukwa cha mfundo. Pachipatalapo panali chizolowezi chosalembedwa paliponse: munthu akamwalira, othandiza m'wodi ankamanga mfundo pansonga ya nsalu imene anagonera, kuti ochapa aizindikire n'kuichapa payokha ndi mankhwala amphamvu. Mfundoyo inkayenera kumasulidwa nsalu isanalowe m'makina. Ena ankamasula uku akucheza za mpira. Mayi Ameni ankayamba aima kaye, n'kunena chapansipansi kuti, "Ambuye, uyu wachoka m'manja mwathu, mulandireni. Otsala agwireni dzanja." Akatero ndiye ankamasula. Dzina la munthuyo sankalidziwa, kaya anali wakuba kaya m'busa. Ankati Mwini wake akumudziwa.

Amene ankawaseka kwambiri anali bambo wokonza makina, a Sipanala, munthu wotsimphina pang'ono, amene kutchalitchi ankapita pa maliro pokha, n'kukakhalanso pafupi ndi chitseko. Awiriwa ankatchulana kuti alamu, popeza amuna a Mayi Ameni anali mnzawo wa a Sipanala kuyambira paubwana.

"Alamu," ankatero a Sipanala, "kumwambako anakulembani ntchito ya pageti, kapena mukungodzipereka?"

Mayi Ameni ankayankha kuti nsalu ya a Sipanala ikadzatsika adzaipempherera kawiri, chifukwa litsiro lina silichoka ndi kuchapa kumodzi.

Kenako amuna awo anadwala chifuwa, n'kugonekedwa m'chipatala chomwecho, pamwamba penipeni pa chipinda chochapira. Anamwalira mvula isanayambe. Mayi Ameni atabwerera kuntchito anapeza kuti pemphero lawathawa. Sikuti anakwiyira Mulungu ayi, ndipo izi ziyenera kunenedwa bwinobwino chifukwa ena anawanamizira. Kukwiya kumafuna mphamvu. Iwo anangotopa, kutopa kuja kosatha ndi tulo. Lamulungu ankapitabe kutchalitchi n'kumagwedeza milomo limodzi ndi anzawo, koma m'kati munali gwaa ngati kachidutswa ka sopo koiwalika padzuwa. Panalinso china chimene chinkawadya: nsalu ya amuna awo inatsika masitepe iwo kulibe. Ankaganiza kuti wina anaimasula uku akucheza za mpira. Munthu amene anaperekeza alendo osawerengeka analephera kuperekeza wake.

Choncho mfundo ankangomasula ali duu, n'kuponya nsalu m'makina.

Ndiye kunabwera mvumbi. Sinali mvula yaukali, inali ija yamawawa, mlendo wosadziwa kutsanzika. Dzuwa linasowa mpaka anthu anasiya kulifunsa. Pomwepo makina owumitsira anafa, ndipo a Sipanala anati chitsulo chake chiyenera kuchokera kutali. Nsalu zinayamba kuyanikidwa m'chipinda chachitali cha kuseri, momwe kale ankasungiramo mabedi othyoka. Anamangamo zingwe mizeremizere kuchokera khoma ili kufika lija. Zenera linali limodzi, laling'ono, m'mwamba, lolingana ndi msewu, moti ukayang'anapo unkangoona miyendo ya anthu ndi madzi amatope. Babu la kumapeto kwa chipinda linali litapsa. Masana enieni munkaoneka ngati kunja kukufuna kuda, ndipo fungo la chuku linkakhala pakhosi.

Nsalu zonyowa sizikhala chete. Zinkadontha tsiku lonse, zinkagwedezeka popanda mphepo, ndipo munthu akamadutsa pakati pake zinkamumata pamsana ngati dzanja lozizira.

M'mawa wina Mayi Ameni anapita kumzere wakumapeto, kumdima kuja, kukakhudza ngati zauma. Zala zawo zinakumana ndi mfundo pansonga ya nsalu yochapachapa. Anaganiza kuti anaiwala, n'kuimasula. Mawa lake anapeza zina, kumdimako ndi kufupi ndi chitseko komwe. Zinali nsalu zomwe zija za omwalira, zimene anazimasula ndi manja awo. Ankazidziwa ndi fungo la mankhwala.

Atauza mnzawo wosita, mayi wa pakamwa posapuma, iye anaseka n'kunena kuti anthuwo ali pamzere kudikira chidindo cha Mayi Ameni, popanda chimenecho kutsogoloku akuwabweza. Koma kuyambira tsiku limenelo wositayo sanalowenso m'chipindamo yekha.

Mayi Ameni sanaseke nawo. Nthabwalayo inanena zimene mtima wawo unkaopa. Anabwerera m'chipindamo, anaima kutsogolo kwa nsalu ina yamfundo, n'kutsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokha. Madzi ankangoti tho, tho, pasimenti. Kuseri kwa mizere kunamveka ngati wina wasuntha, ndipo nsalu ina inatukumuka pakati ngati munthu waitsamira, kenako n'kuphwa. Anatuluka chafutambuyo. Kunyumba anauza mwana wawo wamkazi kuti mwina ntchitoyi yawakwana. Mwanayo anati apume kaye, Mulungu si kapitawo woti aziwayang'ana ndi diso lofiira. Mawuwo anali abwino, koma anatsetsereka ngati madzi papulasitiki.

Tsiku lina anzawo atakwera masitepe kukadya chamasana, Mayi Ameni anatsala. Mantha anali atawatopetsa kuposa chinthu chimene ankachiopacho. Analowa m'chipinda choyanikira, anaima pakati pa mizere majombo ali m'madzi, n'kudikira. Anadikira mpaka kuzizira kunakwera m'mawondo. Kenako chitseko chinalira. Mapazi anabwera pang'onopang'ono, limodzi likukokedwa. Pansi pa nsalu imene inali patsogolo pawo panatulukira manja awiri, osambidwa bwino koma a zikhadabo zakuda ndi girisi. Anagwira nsonga n'kuyamba kumanga.

"Alamu," anatero Mayi Ameni.

A Sipanala anadzidzimuka mpaka chipewa chinakodwa pachingwe. Poyamba anayesa nthabwala, ati akuona ngati nsalu za masiku ano zili zolimba. Ataona kuti nkhope ya alamu awo sikusuntha, anatsitsa mawu.

"Mayi anga anadutsa muno," anatero. "Tsiku limene anamwalira ndinatsika kudzatenga jekete, ndipo ndinakumvani kuseri kwa makina. Inu simunadziwe kuti ndi iwo. Ine kupemphera sinditha. Ndiye ndikaona mwamasula osanena kanthu, ndimati awa ayambe adikira, alamu akadzapeza mawu."

"Mawuwo kulibe, alamu. Ndinauma."

A Sipanala anayang'ana nsalu zodontha zija n'kunena kuti ngati ndi choncho, m'chipinda monsemo chouma ndi iwo okha. Kenako anati adikire pomwepo. Anapita kukabati yawo ya zitsulo n'kubwera ndi jumbo. M'jumbomo munali nsalu yopindidwa bwino, pansonga pake pali mfundo. Anafotokoza kuti tsiku limene mnzawo uja, amuna a Mayi Ameni, anamwalira, kuchokera kuwodi ya amuna kunatsika nsalu imodzi yokha yamfundo. Anaitenga wina asanaigwire, n'kuichapa okha osaimasula. Kuipereka ndiye kunawavuta. Nthawi zonse akayang'ana nkhope ya Mayi Ameni ankati mawa.

Mayi Ameni anailandira ndi manja awiri. Mfundoyo, poti inachapidwa n'kuuma ili yomanga, inali italimba ngati mwala. Anayesa ndi zikhadabo, zinakanika. A Sipanala anawapatsa msomali wa m'thumba mwawo. Mayi Ameni anaulowetsa pakati pa mfundo, koma sanakoke. Anangoima. Pakamwa panalibe kanthu ngati kale.

Pamenepo a Sipanala anavula chipewa, anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga kumene kunali mapaipi okhaokha.

"Ambuye," anayamba, "ndine, simundidziwa kwenikweni. Uyu ndi mnzanga. Wachoka... wachoka..." Anakanda m'mutu. Mawu amene anawaseka zaka zonse zija anawathawa pa nthawi yofunika.

"M'manja mwathu," anatero Mayi Ameni. Mawu awo anatuluka mosasa, ngati chitseko chokhalitsa osatsegulidwa. "Mulandireni."

"Otsala," anakumbutsa a Sipanala.

"Otsala agwireni dzanja. Ndatopa, Ambuye. Gwirani ndinu, ine sindingathe kugwira."

Anakoka msomali, ndipo mfundo inamasuka. Pansongapo panatsala makwinya amene simbi iliyonse sikanawathetsa. "Ameni," anatero a Sipanala, mokweza kuposa mmene zimafunikira, ngati munthu wosazolowera.

Mvula sinakate. Pazenera miyendo ya anthu inkadutsabe m'matope, ndipo kutopa kwa Mayi Ameni sikunachoke konse. Kunangosendera pambali pang'ono. Anaika nsalu ya amuna awo paphewa, ndipo awiriwo anayamba kuyenda mzere ndi mzere. Mayi Ameni ankanena mawu aja n'kumasula, a Sipanala n'kuyankha. Pa nsalu zina mawu ankathawanso, ndipo a Sipanala ankawayambira molakwitsa mpaka eni ake awakonze.

Atafika pamene kuwala kwa babu la kuchitseko kumathera, a Sipanala anaima n'kuvala chipewa. Anati mfundo zawo zathera pomwepo.

"Nanga za kumapetoko?" anafunsa Mayi Ameni.

"Kumdimako? Ine sindinapondeko n'kamodzi komwe. Bondo langali silikonda kumeneko, ndipo mwini bondo sakukondanso."

Mayi Ameni anayang'ana mizere yotsalayo. Mfundo yoyamba ija anaipeza kumeneko, pakhoma penipeni. Nsalu zinkagwedezeka pang'onopang'ono, zonse mbali imodzi, ngati anthu oima pamzere amene atopa koma sakudandaula. Zimenezi sanawauze a Sipanala. 

"Imani pomwepo," anatero. "Muziyankha mokweza kuti ndizikumvani."

Analowa mumdimamo. Nsalu zonyowa zinawakhudza kumaso ndi m'mapewa, iwo n'kumazikankha mofatsa, monga mmene munthu amapemphera njira pa khamu. Zala zawo zinapeza nsonga, kenako mfundo, yozizira, yomangidwa mwaudongo. Ananena mawu onse osasiya limodzi, n'kumasula.

"Ameni," kunayankhidwa.

Mayi Ameni sanafune kumvetsera kuti ayankha angati. Anatambasula dzanja kufufuza nsonga yotsatira.